Mmene mungayendetsere ndi kupukuta wotchi yakale ya ku France yokutidwa ndi golide

Mawotchi a mkuwa wokutidwa ndi golide amene ankapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, aja oikidwa pashelefu ya pamwamba pa malo othera moto m'nyumba za ku Ulaya, amawonongeka kwambiri m'manja mwa anthu akhama kusiyana ndi m'manja mwa aulesi. Waulesi amangoisiya wotchiyo ichite fumbi, ndipo fumbi limachoka. Wakhama amatenga Brasso n'kuikwecha ngati poto wa nsima mpaka golide yense atatha, kenako n'kupopera mafuta m'makina. Madandaulo obwerabwera ndi atatu: wotchi ikungoyenda mphindi zochepa n'kuima, belu likulira kasanu pamene mivi ili pa 8 koloko, golide wachita bii. Nthawi zambiri mungathane nazo nokha osamasula makina.

Malangizowa ndi anu amene mwagula wotchi yotere pa okushoni kapena pamsika wa zinthu zakale, ndiponso inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za ku Cape Town, Johannesburg kapena ku Britain n'kupatsidwa udindo woisamala. Ngati ndi ya abwana, funsani kaye musanachite chilichonse choposa kuchotsa fumbi.

Zida zofunika

- Kiyi wokwana bwino. Wabwino ndi wa mbali ziwiri: yaikulu yowayindira, yaing'ono yochunira liwiro.
- Magolovesi opyapyala. Thukuta la m'manja limasiya zidindo za zala zimene sizichokanso.
- Maburashi awiri atsopano ofewa kwambiri, monga opakira zodzoladzola kumaso. Kulungani tepi pa kachitsulo kogwira ubweya kuti kasakande golide.
- Timitengo ta thonje totokosera m'makutu, paketi yathunthu.
- Madzi a distilled. Amapezeka kufamase ndi m'mashopu a zida za galimoto. Werengani botolo bwino, musanyamule asidi wa batire.
- Sopo wamadzi wotsukira mbale, wopanda mandimu kapena bulitchi.
- White spirit pang'ono, mafuta aja osungunulira penti.
- Thaulo, nsalu yofewa, tochi, sikuludiraiva yaing'ono, tizidutswa ta katoni ndi foni yojambulira.

Izi zisafike n'komwe patebulopo: Brasso, Vim, sitiliwulo, phulusa, mandimu, vinega, mankhwala otsukira mano, WD-40, mafuta ophikira ndi mafuta a makina osokera.

Dziwani kaye chimene muli nacho

1. Yalani thaulo, valani magolovesi, ikani wotchi. Ngati pendulum, chitsulo cholendewera chimene chimagwedezeka uku ndi uku kumbuyo kwa makina, ili m'kati, jambulani kaye n'kuichotsa musananyamule wotchi (onani nambala 12). Inyamuleni pansi ndi manja awiri, osati pa chifaniziro cha pamwamba, chifukwa zokongoletsa zambiri zimagwiridwa ndi kanati kamodzi kokha m'kati. Tsegulani kachitseko kakumbuyo, unikani ndi tochi ndipo jambulani zonse musanakhudze kanthu. Mudzaona belu, ndipo kuseri kwake kuli chimbale chamkuwa chozungulira chimene chagwira makina.

2. Tsimikizani kuti ndi mkuwadi. Mawotchi otchipa ambiri a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anaumbidwa ndi zinki, yomwe ogulitsa a ku France amaitcha régule ndipo a ku Britain amaitcha spelter, n'kupakidwa mtundu wa golide pamwamba. Yang'anani kunsi kapena m'kati, pamalo opalika kale. Mkuwa umaoneka wachikasu kapena wofiirira, zinki imaoneka yotuwa. Maginito sangakuthandizeni chifukwa sagwira zonse ziwiri. Ikakhala zinki, chotsani fumbi basi. Utoto wake suchedwa kuyobuka, ndipo chitsulocho chimathyoka m'malo mopindika.

3. Werengani zidindo za pa chimbale chakumbuyo. Dzina la pankhope ya wotchi nthawi zambiri limakhala la wogulitsa. Makina ambiri a m'ma 1800 ankachokera ku mafakitale ochepa: Japy Frères ya ku Beaucourt, Vincenti ndi Samuel Marti a ku Montbéliard, ndi Honoré Pons wa ku Saint-Nicolas-d'Aliermont. Pa chidindo chozungulira pamakhala mendulo imene kampani inapambana pachionetsero, monga ya Vincenti ya 1855 kapena za Marti za 1889 ndi 1900. Apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Chaka cha pachidindo si chaka chimene wotchi inapangidwa. Chikungotanthauza kuti sinapangidwe chakacho chisanafike. Maonekedwe nawonso amapusitsa, chifukwa mawotchi ambiri a sitayilo ya Louis XV ndi Louis XVI, mafumu a ku France a m'ma 1700, anapangidwa nthawi ya Napoleon III, pakati pa 1852 ndi 1870, kapena pambuyo pake.

Mukapeza kachilembo C kovala chisoti chachifumu kodindidwa pamkuwa, imani pomwepo. Ndi chidindo cha msonkho cha pakati pa 1745 ndi 1749. Chimodzimodzi mukaona dzina la mmisiri wotchuka wa mkuwa, monga Thomire, Galle kapena Saint-Germain, losemedwa pamkuwapo. Zidindo zabodza ziliko, komabe wotchi yotere ionedwe ndi katswiri dontho la madzi lisanaigwere.

4. Fananizani manambala. Pa chimbalecho pali nambala ya makina, ndipo nambala yomweyo imayenera kupezeka pa pendulum. Zikasiyana, pendulum ndi yobwereka, ndipo mwina ndicho chifukwa chake wotchi ikuthamanga kapena kutsalira ndi maola. Chakumunsi kwa chimbale kumakhalanso manambala awiri otalikirana, monga 4 ndi 8. Amenewo ndi utali wa pendulum m'miyezo yakale ya ku France, yoyamba ndi ma pouce, yachiwiri ndi ma ligne: pouce imodzi ndi mamilimita 27.07, ligne imodzi ndi mamilimita pafupifupi 2.26. Choncho 4 ndi 8 ndi mamilimita pafupifupi 126. Lembani manambalawa, ndi amene wogulitsa zipangizo adzakufunseni.

5. Onani chimene pendulum imalendewerapo. Mawotchi a chisanafike chaka cha 1850 kawirikawiri amakhala ndi kaulusi ka silika kopindidwa ngati khwekhwe. A pambuyo pake ali ndi kasipuling'i kopyapyala kwambiri, ndipo ambiri ndi a mtundu wa Brocot, umene umachunidwa kutsogolo, pamwamba pa 12. Onaninso ngati kunja kwa chimbale kuli wilo lokhala ndi mipata yotalikirana mosiyanasiyana. Limenelo ndi wilo lowerengera kulira kwa belu, ndipo tidzalifuna pa nambala 15.

Kupukuta golide

Golide wa pamawotchi awa ndi wopyapyala kangapo kuposa tsitsi. Akale ankamusakaniza ndi mercury, n'kupaka pamkuwa, n'kuwotcha kuti mercury iuluke, ntchito imene inadwalitsa ndi kupha amisiri ambiri. Kuyambira m'ma 1840 njira ya magetsi ya Elkington wa ku Birmingham ndi Christofle wa ku Paris inayamba kulowa m'malo. Kaya ndi njira iti, golide sachita dzimbiri. Kuda kumene mukuona ndi utsi, fumbi ndi mafuta a m'manja zimene zakhala pamwamba pake, kapena ndi mkuwa umene watulukira pamene golide anatha kale. Choyambacho chimatsukika. Chachiwiricho sichitsukika, ndipo kukwecha kumangokulitsa balalo.

Dziwaninso kuti amisiri ankasiya dala malo ena osawala, monga khungu la zifaniziro ndi masamba, n'kuwalitsa m'mphepete mokha. Kusiyana kumeneko ndi kumene ogula amalipirira. Wotchi yonyezimira paliponse mofanana ndi wotchi imene wina anaipha kale.

6. Chotsani pendulum ngati ili m'kati, tsekani galasi ndi kachitseko, kenako sesani fumbi ndi burashi youma kuyambira pamwamba kutsika. Musayambe ndi nsalu. Fumbi lili ndi timchenga, ndipo nsalu imatikhuta pagolide. Komanso ulusi wake umakola timasamba n'kutithyola. Pa mawotchi ambiri mukhoza kulekera pomwepa.

7. Ngati litsiro latsalabe, thirani dontho limodzi la sopo m'kapu ya madzi a distilled ofunda pang'ono. Viikani kamtengo ka thonje, kafinyeni pansalu kuti kangokhala konyowa, ndipo yesani kumbuyo pamalo osaoneka. Kagubuduzeni pamalopo, musakwechere. Yang'anani thonje. Likada, ndiye kuti litsiro likuchoka, pitirizani. Likaoneka lachikasu kapena lonyezimira, lekani nthawi yomweyo: mwina wina anapakapo penti ya golide, mwina golideyo wayamba kumasuka.

8. Gwirani kachigawo kakang'ono, kukula ngati chikhadabo. Tsukani, bwerezani ndi kamtengo kena ka madzi opanda sopo, umitsani ndi kouma, kenako sunthirani patsogolo. Kamtengo kakada katayeni. Ntchitoyi imatenga masana onse, ndipo ndi mmene iyenera kutengera. Madzi asalowe molumikizira zidutswa. M'kati muli timabawuti tachitsulo tochita dzimbiri, ndipo chinyezi chotsalira chimabala dzimbiri lobiriwira pamkuwa.

9. Pamalo a phula lakale kapena mafuta ouma gwiritsani ntchito white spirit m'malo mwa madzi, mawindo ali otsegula. Yesaninso kaye pobisika.

10. Tsinde la mwala lisamaleni palokha. Marble amadyeka ndi asidi aliyense, ngakhale wa mandimu. Alabaster, mwala woyera wofewa umene umaonetsa kuwala kwa tochi, umasungunuka ndi madzi enieniwo, choncho ndi wa burashi youma yokha. Nkhope yoyera ya enamel, utoto wolimba wonga galasi, ipukuteni ndi thonje louma kapena lonyowa pang'ono kwambiri, ndipo pewani dzina la wogulitsa, chifukwa pa mawotchi ambiri linangolembedwa pamwamba ndipo limafufutika.

Kuiyendetsa

11. Sankhani malo okhazikika amene sagwedezeka munthu akamadutsa, kutali ndi dzuwa, khitchini ndi moto woyaka. Ikani wotchi pamalo pake penipeni musanayambe kuchuna, chifukwa mukadzaisuntha mudzayambiranso. Mwendo ukalendewera, ikani kakatoni pansi pake.

12. Kolekani pendulum. Masulani kanati ka pakati pa belu ndi zala, chotsani belu n'kuliika pathaulo. Limasweka likagwa. Mudzaona kamphanda kotsika kuchokera m'makina. Ndodo ya pendulum ilowe m'kamphandako, ndipo ngowe yake ikole pa ulusi wa silika kapena pa kapini ka kumunsi kwa kasipuling'i. Musakokere pansi ndipo musapotoze. Kasipuling'i kameneka kakangopindika pang'ono wotchi siyendanso. Bwezerani belu, ndipo onetsetsani kuti silikukhudza pendulum. Kahamala kakhale pafupi kwambiri ndi belu koma kasaligunde kali chikhalire. Belu likamalira mogonthera, limasuleni pang'ono n'kulizungulitsa mpaka mawu amveke bwino.

13. Wayindani. Pankhope pali mabowo awiri: lakumanja kawirikawiri ndi la nthawi, lakumanzere ndi la belu. Lowetsani kiyi mpaka kumapeto. Kiyi wogwejemuka amaterereka n'kugamula enamel, ndiye chifukwa chake mawotchi ambiri akale ali ndi zipsera pamabowo. Kiyi amazungulira mbali imodzi yokha, kumene mukumva kulira kwa timano. Pukusani theka la mzungulo, bwezerani dzanja pang'onopang'ono mpaka mumve kuti mano agwira, kenako pukusaninso. Akalimba, lekani. Dzanja linalo ligwire mkombero wa galasi nthawi yonseyi. Makinawa ndi a masiku 8, ndipo ambiri amapitirirako, koma sankhani tsiku limodzi pa mlungu ndipo muziwayinda mabowo onse awiri.

14. Mverani kagundidwe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mawotchi ambiri amene amagulitsidwa kuti ndi akufa vuto lake ndi ili lokha. Kankhani pendulum pang'ono n'kuisiya. Tcherani khutu m'chipinda chopanda phokoso. Wotchi yabwino imagunda mofanana: tik, tak, tik, tak. Yotsimphina imati tik-tak, kenako kachete, tik-tak, kachete. Yotereyo imayenda mphindi zingapo n'kuima, ngakhale sipuling'i ili yodzaza.

Kuti mudziwe kolowera, tukulani mbali yakumanzere pang'onopang'ono wotchi ikuyenda. Kugunda kukayamba kufanana, mwapeza. Kukaipiraipira, yesani mbali yakumanja. Mungathe kungoika tizidutswa ta katoni pansi pa mbali imeneyo, koma mawotchi a ku France ali ndi njira yabwino koposa. Makina onse ozungulirawo sanamangidwe ku thupi la wotchi. Amakokedwa ndi timalamba tiwiri tachitsulo timene timamangidwa ndi masikuluwu awiri a pa mkombero wakumbuyo. Masulani masikuluwuwo pang'ono chabe, osawachotsa. Gwirani mkombero wakutsogolo n'kuzungulitsa nkhope yonse pang'ono kwambiri, mwina milimita imodzi. Ngati munatukula kumanzere, zungulitsirani kumene mivi imalowera. Ngati munatukula kumanja, zungulitsirani kobwerera. Mverani, sunthaninso, mpaka kugunda kufanane. Mangani masikuluwu mosinthanasinthana, molimba koma osafinyitsa, kuopa kung'alula enamel.

Tsopano mwamvetsa chifukwa chake dzanja lina limagwira mkombero powayinda. Timalamba tija tikakhala tolobodoka, mphamvu ya kiyi imazungulitsa makina onse, ndipo wotchi imene inkayenda bwinobwino imaima tsiku lomwe mwaiwayinda. Eni ake amati aiwayinda mopyola muyezo. Ayi, angoipotoza. Koma ngati kugunda kukufanana pokhapokha 12 atapendekera moonekeratu, ndiye kuti kamphanda kaja n'kopindika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wokonza mawotchi.

Mivi, belu ndi liwiro

15. Chunani nthawi ndi muvi wautali wokha, kupita kutsogolo kokha. Imani pa 6 ndi pa 12 paliponse kuti belu limalize kulira. Kubweza muvi, makamaka chapafupi ndi 12 kapena 6, kumapinda kachitsulo kotukula belu. Muvi ukakana, musaukakamize. Ngati wotchi yatsogola, imitsani pendulum ndi chala n'kudikira kuti nthawi ikwane.

Belu likamalira mosemphana ndi mivi, kawirikawiri ndiye kuti muli ndi wilo lowerengera lija. Wiloli silidziwa kumene mivi ili. Limangotsatira mndandanda wake: theka, ola, theka, ola lotsatira. Sipuling'i ya belu ikatha mphamvu isanathe ya nthawi, kapena wina akathamangitsa mivi osadikira, zimasemphana. Kukonza kwake n'kosavuta. Fikitsani muvi wautali pa 12, belu lilire, werengani. Kenako kumbuyo, pezani kachitsulo kamene kagonera m'mphepete mwa wilolo, katukuleni pang'ono ndi chala n'kukasiya. Belu lidzalira gawo lotsatira. Bwerezani mpaka kulira kugwirizane ndi ola limene muvi waufupi ukuloza. Likamalira kamodzi pa ola n'kumalira ola lonse pa theka, tukulani kamodzi kuti lilire ola, kenako onani ngati kulirako kukugwirizana ndi muvi waufupi.

Musayesere zimenezi pakati pa 12:30 ndi 1:30. Nthawi imeneyo belu limalira kamodzi katatu konse motsatizana, ndipo mudzangosokonezeka.

16. Chunani liwiro wotchi itayenda kale masiku awiri kapena atatu osaima. Pa mtundu wa Brocot, pamwamba pa 12 pali kachitsulo kakang'ono ka ngodya zinayi, ndipo pambali pake pamakhala zilembo A ndi R, kapena F ndi S pa mawotchi amene ankapita ku Britain ndi ku America. Kulowera ku A kapena F n'kuithamangitsa, ku R kapena S n'kuichedwetsa. Gwiritsani mbali yaing'ono ya kiyi, pukusani theka la mzungulo, lembani tsiku ndi zimene mwachita, dikirani maola 24. Kachitsuloko kakalimba, mwafika kumapeto. Mukakakamiza mudula timano. Pa mtundu wa silika pali kachitsulo kokulungira ulusi: kufupikitsa ulusi n'kuthamangitsa wotchi, kuutalikitsa n'kuichedwetsa. Silika amamva chinyezi, choncho nyengo ya mvula ndi ya chilimwe mudzachuna mosiyana.

Musalimbane nayo kuti ifanane ndi foni. Kusiyana kwa mphindi ziwiri kapena zitatu pa mlungu n'kwabwinobwino kwa makina a zaka zoposa 100. Yerekezani tsiku lowayinda lokhalokha, chifukwa liwiro limasinthako pamene sipuling'i ikutha mphamvu.

Pamene muyenera kulekera wokonza mawotchi

Ngati kugunda kukufanana koma wotchi ikuimabe, ngati m'timabowo ta pa chimbale muli zakuda kapena zobiriwira zomata, ngati kiyi akungozungulira osalimba, kapena ngati papita zaka zoposa 5 isanatsukidwe m'kati, ipititseni. Funsani wokonzayo ngati anagwirapo makina ozungulira a ku France komanso ngati adzawamasula onse potsuka. Amene akuti angowaviika athunthu n'kuthira mafuta, m'thokozeni n'kunyamula katundu wanu. Popita, chotsani pendulum n'kuikulunga payokha pamodzi ndi kiyi, ndipo kachidutswa kalikonse kamene kanagwa kaikeni mu envelopu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kupaka polishi wa zitsulo. Tsiku loyamba zimaoneka bwino, chifukwa mkuwa wamaliseche umawala. Pakatha miyezi umada, ndipo m'timakwinya mumatsala ufa woyera umene umasanduka wobiriwira. Kukutanso golide n'kodula, ndipo wamakono wa magetsi safanana ndi wakale, moti wotchi imatsika mtengo ngakhale mutalipira.

Kupopera mafuta m'makina. Mafuta a wotchi ndi apadera, ndipo amaikidwa kadontho kochepa kwambiri m'malo ozungulira timitsulo mokha, osati pa mano a mawilo. Opopera amasungunula litsiro lakale n'kulimwaza paliponse, kenako amauma n'kumata.

Kuchotsa timapini ta pa chimbale chakumbuyo kuti muone m'kati. Masipuling'i awiri aja ali ndi mphamvu yothyola mano a mawilo ndi kucheka chala. Nsonga za timitsulo ta makina a ku France n'zowonda ndi zouma kwambiri, ndipo sizipindika, zimangoduka.

Kunyamula wotchi pendulum ili m'kati, ngakhale kuchoka pashelefu kupita patebulo. Kasipuling'i kolendewerapo kamapindika, ulusi umaduka, ndipo nthawi zina pendulum imamenya belu kapena galasi.

Kutsuka ndi amoniya chifukwa munaona katswiri akutero pa YouTube. Iwo amayamba amasula chidutswa chilichonse, n'kutsukuluza ndi kuumitsa chilichonse pachokha. Pa wotchi yosamasula, mankhwalawo amalowa molumikizira n'kumadya mkuwa mkati.

Kupititsa chidutswa chothyoka kwa owotcherera zitsulo. Moto umapsereza golide, ndipo pa golide wakale ungatulutse nthunzi ya mercury, yomwe ndi poizoni. Guluu wa super glue nayenso amasiya chipsera choyera.

Kuwayinda bowo la nthawi lokha kuti belu lisasokose usiku. Pa makina ena zimenezi zimakanikiza muvi wautali chapafupi ndi 12 n'kuimitsa wotchi, ndipo pa a wilo lowerengera kulira kumasemphana. Ikani kachidutswa ka nsalu pakati pa kahamala ndi belu, n'kumawayinda onse awiri.

Kuisiya ikuyenda pochoka ulendo wa milungu iwiri kapena kuposa. Imitsani pendulum ndi chala musanatseke chitseko, ndipo pobwera yendetsani muvi wautali kutsogolo, kuima pa 6 ndi pa 12 paliponse, mpaka mufike pa nthawi yoyenera.